Odwala sitiroko musamawagoneke tsiku lonse chonde

Dzinja lino ndikupeza vuto limodzi lomwelo khomo ndi khomo. Banja lonse lalawirira kumunda kukapalira ndi kuthira feteleza, wodwala sitiroko amusiya pamphasa m'nyumba, chitseko chotseka, kapu ya madzi pambali, mpaka dzuwa kupendeka. Ukafunsa akuti panja pakuterera tikuopa angagwe. Manthawo ndi omveka ndithu koma kugonekako ndi komwe kudzawagwetse.

Kuti munthu aime osadzandira pamafunika zinthu zitatu zimvane: maso, kachiwalo ka mkati mwa khutu kamene kamauza ubongo komwe mutu wapendekera, ndiye mapazi ndi mfundo za miyendo zomwe zimamva pomwe waponda. Sitiroko yasokoneza kale mbali imodzi, inu nkumugonekanso masabata, ndi mwendo wabwino womwe umayamba kuwonda, msana umafooka moti ngakhale kukhala tsonga amagwera mbali yodwalayo, ndiye tsiku lomwe mwati mumudzutse magazi amathamangira kumiyendo BP nkutsika, chizungulire, uyo wagwa, nonse nkumati mwaonatu tinanena ife kuti asadzuke. Za zilonda za kumatako ndi kuchidendene, chibayo, bondo kuuma lili chipindire, izo sindichedwapo mumazidziwa kale.

Chimene chimandiwawa ine ndi nthawi. Miyezi itatu yoyambirira munthu atangodwala ndi pomwe thupi limabwerera msanga, ikadutsa apo kusintha kumakhalapobe koma kwapang'onopang'ono. Amene anadwala mu Novembala nkufika Malichi ali chigonere wataya nyengo yonse yabwino. Ndipo ndalama yomwe ikanakhala ya minibasi yopitira ku mafizo (masewero olimbitsa thupi a kuchipatala) yathera kokatemera mphini, eti anaponda mankhwala kudimba. Abale, zimenezi tizinena mpaka liti? Mphini sizinaphunzitsepo mwendo kuponda pansi.

Bambo wina mlimi wa kachewere cha ku Dedza anandiseketsa. Akuti mayi akunyumba ankawaletsa kudzuka, ndiye onse akangochoka iwo ankadzikhwekhwereza mpaka pazenera, kugwira felemu nkuimirira, cholinga chawo sichinali mafizo ayi, ankafuna aone ngati mbuzi za aneba zikulowa m'munda wa kuseri kwa nyumba. “Achimwene, ndikanangogona chimanga chija chikanatha.” Sindikuti muzichita mobera choncho, akanagwa palibe akanamva. Koma nditawaimika ndinapeza kuti mwendo wodwalawo ukulandira thupi, pomwe anzawo amene anadwala nyengo yomweyo timachita kuwagwira awiri.

Kuchipatala timayesa ngati munthu akutha kukhala ndi kuima osadzandira ndi muyeso wotchedwa sikelo ya Berg, ili ndi ntchito 14 monga kuima ndi mwendo umodzi, kutola chinthu pansi, kutembenuka, malikisi onse ndi 56. Kunyumba simufunika zonsezo. Yambani ndi kuona ngati akukhala m'mphepete mwa bedi mapazi ali pansi osagwira kalikonse. Ngati akulephera apo musathamangire kuwapatsa ndodo, ntchito idakali pa kukhala. Amene akuyenda kale, akhale pampando, adzuke, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere nkukhalanso, inu mukuwerenga pafoni. Kupitirira masekondi 12 ndiye kuti ngozi yakugwa ilipo.

Zochita mwachidule. Musanapite kumunda muwakhazike pampando wokhala ndi potsamira pakhonde, osati pamphasa, kudzuka kuchokera pansi nkovuta ngakhale kwa ife, ndipo pakhale munthu pafupi, nkhani yosiya wodwala yekha ithe. Amene wagona nthawi yaitali ayambe wakhala kaye mphindi zingapo asanaime. Mangani chitenje m'chiuno mwawo mugwire chimenecho, inu muime mbali yodwalayo, ndipo mkono wofookawo musakoke olo pang'ono, phewa limaguluka. Adzuke ndi kukhala kangapo m'mawa ndi madzulo, ataima agwire tebulo nkumasunthira thupi ku mwendo wodwala kenako ku wabwino, ikani kapu patali pang'ono aifikire okha. Patapata ayi, avale nsapato yogwira chidendene, ndele za kubafa mupale, usiku pakhale tochi makamaka kwa a shuga amene mapazi anachita dzanzi chifukwa iwowo amadalira maso. Funsani a mafizo pachipatala chanu chachikulu, a ku Blantyre kuli Kachere ndi Queens. Mukaona kamwa yapindikanso kapena mawu asokonekera mwadzidzidzi siyani zonsezi, pezani galimoto yopita kuchipatala nthawi yomweyo.