Disiki ikasowa pa kompyuta kapena pa DVR, yambani ndi kebulo

Disiki yosungira mafayilo (hard disk) imaoneka m'mawa, masana yasowa. Mukukopera mafayilo, ntchito yaima pakati. DVR, makina osunga mavidiyo a makamera m'shopu, ikungolira kuti mulibe disiki. Musanathamangire ku Down Shops kapena kuitanitsa ina ku Lusaka, dziwani kuti zizindikiro zimenezi zimabweranso disiki ili bwinobwino, vuto lili pa kebulo, pa port kapena pa magetsi. Ngati disikiyo ikuonekabe nthawi zina, koperani kaye mafayilo ofunika kwina musanagwire chilichonse.

Zimitsani makina, zulani pulagi kukhoma, gwirani chitsulo cha bokosi, kenako tsegulani. Disiki ya SATA, yolumikizidwa mkati mwa makina, imalowa makebulo awiri: yaing'ono ya mapini 7 yodutsa data, ndi yotambalala ya mapini 15 ya magetsi. Zulani onse, muyang'ane kapulasitiki kooneka ngati L pa disiki ndi pa motherboard. Kakasweka, kebulo imalowa koma imagwedera. Fumbi la Okutobala kuno ku Chipata limadzaza m'ma port. Lichotseni ndi blower, mapini muwapukute ndi spiriti ya isopropyl, osati madzi. Kebulo isapindike mwamphamvu pafupi ndi mutu wake, ndipo isapose mita imodzi.

Yatsani, muike dzanja pa disiki. Yaikulu ya mainchi 3.5 imafuna 12V ndi 5V, yaing'ono ya 2.5 imakhutira ndi 5V. Ikamayamba kuzungulira n'kuima, n'kuyambanso, kayikirani magetsi. Pa DVR yesani adaputala ina ya 12V ya ma amp ofanana kapena oposerapo, chifukwa kuzimazima kwa malaiti kumafooketsa maadaputala. Timawaya totchipa tosinthira Molex (pulagi yakale ya magetsi ya mapini 4) kupita ku SATA, tija tamutu woumbidwa ndi pulasitiki, tisiyeni pamsika pomwepo. Timasungunuka, tina timayaka.

Tsopano pamene ambiri amasokonekera. Kuti muone lipoti la thanzi la disiki, pa Windows tsegulani pulogalamu ya CrystalDiskInfo, pa Linux lembani smartctl -a /dev/sda mu terminal. Funani mzere wa 199, umene CrystalDiskInfo imaulemba C7, wotchedwa UltraDMA CRC Error Count. Umawerenga kangati data yaonongeka panjira, pakati pa disiki ndi motherboard. Choncho umaloza kebulo kapena port, osati mkati mwa disiki. Koma nambala imeneyi sibwerera pa 0. Munthu amasintha kebulo, nayang'ananso, napeza nambala ikadali pomwepo, ndiye amati kebulo yatsopanoyo ndi yabodza kapena disiki yatha. Ayi ndithu. Lembani nambalayo papepala musanasinthe kanthu. Mukasintha, koperani fayilo yaikulu, ya 10 GB kapena kuposa, muyang'anenso. Nambalayo ikapanda kusintha, vuto latha. Ikakwera, likadalipo.

Chinanso, CrystalDiskInfo imaonetsa nambalazo mu hex, kawerengedwe kosakaniza manambala ndi zilembo, ndiye 10 amene mukumuonayo ndi 16, ndipo A ndi 10. Pitani pa Function, Advanced Feature, Raw Values, musankhe 10 DEC kuti muwerenge manambala wamba. Muli pomwepo yang'anani mizere ya 5 ndi 197 (05 ndi C5 pa CrystalDiskInfo), yowerenga malo oonongeka mkati mwa disiki. Imeneyo ikamakwera, ndi disiki yeniyeniyo ikudwala, ndipo kebulo ngakhale yodula bwanji siingaichiritse.

Ngati 199 ikukwerabe, sinthani chinthu chimodzi basi nthawi iliyonse: kebulo ina pa port yomweyo, kenako kebulo yomweyo pa port ina, pomaliza disiki pa kompyuta ina. Mukasintha zonse pakamodzi makina akhoza kuchira, koma simudziwa chimene chinali chovuta, ndipo kebulo yoipa ija ibwerera m'kabati kukadikira kasitomala wina. Iduleni pakati muitaye. Pa Linux, dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a makina, ikamalemba kuti limiting SATA link speed, ndiye kuti makina atsitsa liwiro kuchoka pa 6 Gbps chifukwa njira ikuvuta. Pa Windows, Event Viewer, pulogalamu yolemba zochitika m'makina, imaonetsa vutoli ndi nambala 129 kapena 153. Port ikangokhala chete mutaika SSD ya M.2, disiki yaing'ono yolowa mwachindunji pa motherboard, werengani buku la motherboard: ena amatseka ma port a SATA ena mukagwiritsa ntchito malo a M.2.

Disiki yakunja ya USB ikamalira kuti thi-thi-thi, kawirikawiri ndi njala ya magetsi. USB 2.0 imapereka 500 mA, USB 3.0 imapereka 900 mA. Ilowetseni kumbuyo kwa kompyuta, osati kutsogolo, osatinso pa hub yopanda adaputala, ndipo kebulo ikhale yaifupi.

Pa NAS, bokosi la madisiki lolumikizidwa pa netiweki, liwiro likatsika kufika pa 100 Mbps m'malo mwa 1000, kawirikawiri waya mmodzi mwa 8 a m'kebulo ya netiweki waduka kapena sanagwire bwino m'mutu wake wa RJ45. Dulani mutuwo muike wina. Pogula kebulo ya netiweki ya Cat6, palani waya ndi mpeni. Mukaona zoyera mkati, ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, ngakhale wogulitsa alumbire chotani.

Ngati ndi RAID, madisiki angapo ogwira ntchito ngati imodzi, musavomere rebuild (kumanganso data) musanatsimikize kebulo, ndipo yerekezani serial number ya disiki yodandaulayo ndi yolembedwa pa sitika musanazule. Pa RAID 5 yomwe yataya kale disiki imodzi, kuzula yolakwika kumagwetsa zonse.