Bafa lopanda fungo popanda zopopera za mchitini: mmene ine ndimachitira

Ine ndinasiya kugula ma air freshener opopera aja chifukwa cha mwana wanga wachiwiri amene amadwala mphumu. Munthu akangopopera m'bafa, iye akalowamo kukatsuka mkamwa amatuluka akutsokomola, kubanika, pena mpaka usiku onse osagona, ndiye ndinati ayi basi tipeze njira ina. Komanso tinene zoona anzanga, fungo la maluwa a mchitini likakumana ndi fungo la mkodzo zimaipa kuposa poyamba, mlendo akangotsegula chitseko amadziwiratu kuti muno mwabisidwa kanthu.

Ndiye musanaganize zoti muikemo chani chonunkhira, yambani kaye mwafufuza kuti fungolo likuchokera pati. Tsekani chitseko ndi windo kwa ola limodzi, kenako mulowe muwerame, mununkhize pansi pa toileti, kuseri kwake, pa bowo lotulukira madzi, pa thaulo, pa chikolopa. Mphuno ikuuzani yokha.

Nyumba zambiri vuto ndi mkodzo. Tisabisane, anthu ambiri amakodza m'bafa posamba, ana aamuna nawonso amaphonya, timadontho timagwera pansi ndi kuseri kwa toileti komwe chikolopa sichifika. Mkodzo ukakhalitsa tizilombo tosaoneka ndi maso timausandutsa ammonia, ndi fungo lija lolasa m'mphuno lija, ndipo simenti yosasalala imamwa mkodzowo ngati siponji nde olo mukolope kangati ndi madzi okha limabwerabe, makamaka October kukatentha. Chimene chimathana ndi ammonia ndi chinthu chowawasa. Tengani viniga woyera uja wa mu golosale, kapu imodzi ya viniga kapu imodzi ya madzi, thirani mozungulira tsinde la toileti, kuseri, ndi pa timabauti tomwe timagwira chokhalira chija, apo mpomwe pamabisala zambiri. Dikirani mphindi 10, kwechani ndi mswachi wakale, tsukuluzani ndi madzi ambiri. Ngati mulibe viniga finyani mandimu atatu kapena anayi, ntchito yake ndi yomweyo. Koma ngati pansi panu ndi simenti chabe yopanda matailosi musasiye viniga agone pamenepo usiku onse, zowawasa zimadya simenti pang'onopang'ono. Fungo la viniga lisakudetseni nkhawa, akauma limatha lokha.

Apa ndikupempheni ndi mtima onse, musadzasakanize viniga kapena mandimu ndi Jik, olo kuthira Jik pamwamba pa mankhwala ena otsukira toileti ngati Harpic. Zimatulutsa mpweya wa chlorine womwe umawotcha maso ndi mapapo, ndipo mabafa athu ambiri ndi tizipinda ting'onoting'ono ta windo limodzi. Ngati mwagwiritsa Jik lero, tsukuluzani bwinobwino, viniga adikire tsiku lina. Wantchito wanu kapena mwana amene amakuthandizani kukolopa mumuuzenso zimenezi, musangodziwa nokha.

Soda uja timaika mu therere nayenso ndi wothandiza, amayamwa fungo komanso amakwecha bwino osakanda matailosi. Ine ndimaika masipuni anayi m'kabotolo kopanda chivindikiro pamwamba pa thanki ya toileti, ndimasintha mwezi ukatha, wakaleyo ndimawaza pansi nkukwechera. Koma zija mumaona m'mavidiyo a pa Facebook ndi TikTok zothira soda ndi viniga m'botolo limodzi, thovu lija limangosangalatsa maso, ziwirizi zimaphana mphamvu, chotsala ndi madzi a mchere basi. Gwiritsani chimodzi pa nthawi yake.

Pali fungo lina lomwe si la mkodzo ayi, limamveka ngati mazira owola. Limenelo limachokera mu paipi. Mukayang'ana pansi pa sinki muona paipi yopindika ngati chilembo cha U, pamenepo pamayenera kukhala madzi nthawi zonse, madziwo ndi amene amatseka njira kuti mpweya wa mu septiki tanki usabwerere mnyumba. Toileti ya madzi ndi chimodzimodzi, timadzi timatsalira pansi tija ndiye ntchito yake. Ndiye madzi akasiya kutuluka masabata angapo, kapena mwapita kumudzi mwakakhala mwezi, kapena muli ndi bafa la alendo lomwe simulowamo, madziwo amauma ndipo fungo limakwera. Mankhwala ake ndi aulele, thirani jagi imodzi ya madzi mu sinki, ina pa bowo la pansi, kamodzi pa sabata. Pa bowo la shawa pamakodwanso tsitsi, ulusi wa mesh ndi sopo, zimaola pamenepo, kokani ndi kawaya kopinda kumapeto kenako muthire madzi otentha, koma osati owira kumene chifukwa mapaipi a pulasitiki amafewa. Mukachita zonsezi fungo osasintha, ndiye kuti pali paipi yosweka kapena tanki yadzadza, auzeni alandilodi aitane pulambala, mandimu sangathandizepo.

Chinyezi nachonso. Thaulo lonyowa lokolekedwa kuseri kwa chitseko, chinkhupule chosiyidwa m'beseni, chikolopa chopindidwa pakona, zovala zamkati zoyanikidwa pa paipi ya shawa, zonsezi zimachita chuku, makamaka nthawi ya dzinja kapena June ndi July kwa inu a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chiperoni chikagwa. Tulutsani panja ziume, windo likhale lotsegula masana onse, ngati mukuopa udzudzu ikanipo gozi waya. Bini ya matishu ndi mapampasi a mwana izitayidwa tsiku lililonse.

Mukafika apa bafa limakhala kuti silikununkha kanthu, ndipo kwa ena zakwana. Koma ine ndimakonda kuti pazimveka kafungo kabwino kapansipansi, koti umakamva ukangolowa kenako nkuiwala. Muyezo wanga ndi uwu: ngati fungo likumveka muli pa khonde kapena pa balaza, lachuluka.

Chomwe ndimakonda kwambiri ndi makoko a manachesi. Nyengo yozizira manachesi a ku Mwanza akachuluka pamsika, ana akamadya ndimawauza kuti makoko asataye, ndimayanika pa lichero masiku atatu kapena anayi mpaka aume gwa, kenako ndimamanga m'kansalu, tizidutswa ta chitenje totsala kwa atelala tija, nkupachika pa msomali pafupi ndi windo. Fungo likayamba kuchepa mumangofinya kansaluko ndi dzanja makoko aja aphwanyike, limabweranso. Chachikulu aume ndithu, mukaika aawisi m'bafa pakangotha masiku awiri achita chuku ndipo abweretsa touluka ting'onoting'ono tija. Makoko a mandimu ndi malalanje amachitanso chimodzimodzi.

Masamba a bulugamu ndi abwino kwa amene mumasamba madzi otentha. Mangani kamtolo kakang'ono, pachikani chapamwamba pomwe nthunzi imafika koma madzi osawakhudza, nthunzi ija ndi imene imatulutsa fungo. Pakatha sabata ziwiri kapena akayamba kuda, tayani muike ena. Mpungabwi nawonso ndimathyola ndikaupeza, agogo athu ankauika mnyumba pothamangitsa udzudzu, fungo lake ndi lamphamvu pang'ono nde tinthambi tiwiri takwana. Amene muli ndi lemongrass kuseri kwa nyumba, wiritsani masamba odzadza dzanja mu lita imodzi ya madzi, azizire, sefani, ndiye muziwaza pansi mukamaliza kukolopa. Pangani ochepa chifukwa masiku awiri atatu amasasa. Ndipo sankhani chimodzi, musaike manachesi, bulugamu ndi mpungabwi nthawi imodzi, mutu uwawa. Ngati mnyumba muli wa mphumu ngati kwathu, yambani ndi zochepa kwambiri muone mmene akumvera, poti zachilengedwe nazo ena zimawabanikitsa.

Makala ndimaikanso, tizidutswa totsalira pansi pa thumba tija, m'kambale kuseri kwa toileti. Sindikunamizani kuti amachita zodabwitsa, makala a pa mbaula alibe mphamvu ngati activated charcoal wa ku famase, koma amathandizako ndipo simuonongapo ndalama. Timipira toyera ta mothball tomwe ena amaponya m'bafa ine ndimakana, ndi poizoni, ndipo mwana wokwawa amaona ngati switi.

Kwa ife amene tili ndi chimbudzi chokumba, kaya kumudzi kaya m'maplot momwe mabanja asanu amagwiritsa chimodzi, phulusa ndiye mnzathu. Ikani chitini cha phulusa lozizira pakona, aliyense akamaliza athire kapu imodzi pa dzenje, limaumitsa, limaphimba, ntchentche zimachepa. Phulusali ndi la chimbudzi chokumba chokha, mu toileti ya madzi litseka mapaipi. Pa bowo pazikhala chivindikiro chokhala ndi chogwirira chachitali. Koma ngati chimbudzi chanu chili ndi paipi yotulutsa mpweya, mtundu uja unayambira ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970 womwe amautcha Blair, ndiye musatseke bowolo, chifukwa mpweya umayenera kulowa pa bowo nkutulukira ku paipi. Paipiyo ipitirire denga ndi theka la mita, kumwamba kwake kukhale gozi waya, mkati mwa chimbudzi mukhale kamdima kuti ntchentche zizithamangira kuwala kwa ku paipi nkukakodwa komweko. Nthawi zina akangaude amatseka paipi ndi ukonde wawo, thiranimo ndowa ya madzi kuchokera pamwamba, muona kusintha tsiku lomwelo.

Bafa la panja la udzu kapena la njerwa lopanda denga ndi losavuta poti dzuwa limalowa lokha, vuto limangokhala madzi odikha. Yalani miyala pansi, kumbani kangalande kotsetsereka kuti madzi azituluka msanga, kumapeto kwake mudzale nthochi kapena lemongrass yemweyo azimwa madziwo. Ndere zikayamba kumera pa miyala kwechani ndi phulusa ndi tsache lolimba mmawa, kuti pofika masana pakhale patauma.