Musanabaye jakisoni, yambani mwaigwira mbuziyo

Kuno ku Mzuzu mvula simachoka msanga. Anzathu a ku Lilongwe akamakonzekera kukolola, ife timakhala tikadali m'mawawa ndi nkhungu, ndipo mbuzi yogona m'khola lothonya imatha masabata ubweya osauma. Khungu likakhalitsa lonyowa limafewa, minga ndi nkhupakupa n'kuliboola, mabakiteriya n'kulowa. Nyengo imeneyi ndi imene anzanga oweta amandiitana kuti ndikaone mbuzi yomwe akuti yagwidwa mphere. Ndikamafika amakhala atagula kale ivermectin, abaya, koma palibe chasintha. Sichingasinthe, chifukwa ivermectin amapha tizilombo ta mphere ndi nyongolotsi, mabakiteriya sawakhudza n'komwe. Ndalama yapita, chiweto chikuvutikabe. Zimenezi zimandiwawa, pakuti kusiyanitsa matendawa kumangofuna maso, manja ndi kudekha.

Mbuziyo itulutseni m'mawa dzuwa litatuluka, muyimirire chapatali osaigwira. Mukufuna muone ngati ikuyabwidwa. Mbuzi ya mphere simakhazikika: imadzikhula pa mtengo, pa khoma, kudzikanda ndi mwendo wakumbuyo, kudziluma m'nthiti. Khungu lake limakhuthala n'kuchita makwinya, ubweya n'kusosoka. Ya mabakiteriya nthawi zambiri siyabwidwa kwenikweni. Imadya msipu ili phee, koma mukakhudza pachilondapo imadzidzimuka chifukwa pamapweteka.

Tsopano igwireni. Valani magolovesi, ngati mulibe vekani manja majumbo, chifukwa ena mwa matendawa amagwiranso munthu. Ngati muli ndi choyezera kutentha, chilowetseni kumbuyo kwake. Mbuzi kapena nkhosa yabwinobwino imatentha pakati pa madigiri 38.5 ndi 40. Ikapitirira pamenepo, vuto silili pakhungu pokha.

Yendetsani chikhatho pamsana mobweza ubweya, kuchokera kumchira kupita kukhosi. Matenda amene ndimawapeza kwambiri m'dzinja manja ndiwo amayamba kuwazindikira maso asanaone. Mumamva timabulu tolimba pansi pa ubweya. Mukapatula, mupeza ubweya wamatana timagulu, waima njo ngati burashi ya penti imene yauma osatsukidwa. Kokani kagulu kamodzi pang'onopang'ono. Kamazuka pamodzi ndi nkhanambo yake, ndipo mukaitembenuza nkhanamboyo kunsi kwake kumakhala kolowa m'kati, mizu ya ubweya ili tuu, pamene pakhungu patsala pofiira, ponyowa, nthawi zina pali timafinya pang'ono kapena timagazi. Ameneyo ndi dermatophilosis, matenda omwe oweta ng'ombe ena amawadziwa kuti senkobo. Bakiteriya wake ndi Dermatophilus congolensis, yemwe anayamba kufotokozedwa pa ng'ombe za ku Congo mu 1915. Amakonda msana umene umavumbwa mvula, makutu, pamphuno ndi m'miyendo momwe udzu wonyowa umakhula tsiku lonse. Pa nkhosa za ubweya wambiri mumapeza zibuma zolimba zomatirira ubweyawo. Mukawapeza, kwezani mchira, muonenso m'khwapa, pabere ndi pamachende. Kawirikawiri mupezamo nkhupakupa yamawangamawanga ya mlomo wautali ija, Amblyomma variegatum. Pomwe pali nkhupakupa imeneyi matendawa amakula kwambiri ndipo amachedwa kupola, moti kubaya mankhwala osathana ndi nkhupakupazo n'kudzivutitsa chabe.

Osasokoneza ndi chipere. Chipere chimapanga zigamba zozungulira, zouma, zotuwa, ubweya utathothoka, ndipo mulibe chinyontho pansi pake.

Mukachoka pamsana, fufuzani zotupa. Pali malo odziwika pomwe pamakhala anabere: pansi pa khutu, pansi pa chibwano, kutsogolo kwa phewa, m'mbali kutsogolo kwa ntchafu, ndi pamwamba pa bere kumbuyo. Chotupa chimene chamera pamalo amenewa, chokula pang'onopang'ono, cholimba, chosatentha, chimene mbuzi simadandaula mukachisindikiza, muchiganizire kuti ndi caseous lymphadenitis, yoyambitsidwa ndi Corynebacterium pseudotuberculosis. Chikapsa, ubweya pamwamba pake umathothoka ndipo chimafewa. Mafinya ake ndi okhuthala, oyera mobiriwira, sayenderera, komanso sanunkha. Chithupsa wamba chobwera ndi munga, kulumidwa ndi galu kapena singano yakuda chimamera paliponse, chimatupa msanga, chimatentha, chimapweteka, ndipo nthawi zambiri mafinya ake ndi amadzimadzi onunkha.

Pamenepa ndipempheko ndithu: chotupa cha pa mwanabere musachiphulitsire m'khola. Ndaonapo anthu akuchicheka ndi lezala, kufinyira pansi, ziweto zina zili pomwepo. Bakiteriya ameneyu amakhala m'dothi ndi m'mitengo ya khola miyezi yambiri, ndipo mbuzi ina ikangokalika pamenepo yatenga. Imadzaonetsa chotupa patatha mwezi umodzi mpaka itatu, inu mutaiwala kale. Jakisoni salowa bwino m'kati mwa chotupa choterechi. Chiwetocho chipatuleni, muitane alangizi a ziweto adzachitumbule kutali ndi khola, mafinya awotchedwe. Nkhosa yaikazi yomwe ikungowonda koma ikudya, m'khola momwe mudaonekapo zotupazi, mwina ili nazo m'mapapo.

Pa mbuzi yoyamwitsa yang'anani bere. Timatuza ting'onoting'ono ta mafinya, tachikasu pamwamba, pabere, pansonga zake kapena kunsi kwa mchira, kawirikawiri n'ta Staphylococcus aureus. Timaoneka tochepa, koma bakiteriya yemweyu akalowa m'bere amalitupitsa, mkaka n'kuwonongeka. Kamani pang'ono pachikhatho muone ngati mulibe zibulumwa kapena magazi. Pa nkhosa amakondanso kuzungulira maso ndi pamphuno, makamaka zikamalimbirana madeya m'chodyera chopapatiza, mitu n'kumakhulana.

Mbuzi kapena nkhosa ikamatsimphina, kapena kudya itagwada, tsukani phazi mupatule ziboda. Khungu la pakati likakhala lofiira kapena lotuwa, lonyowa ndi losupuka, matope a m'khola ndiwo alowetsa bakiteriya wotchedwa Fusobacterium necrophorum. Ngati chiboda chayamba kusiyana ndi mnofu ndipo fungo lake ndi la chinthu chowola, ndiye kuti Dichelobacter nodosus walowanso, phazi layamba kuwola. Fungo limeneli mukangolimva kamodzi simudzalisokonezanso ndi la ndowe.

Palinso zilonda zofanana ndi zimenezi zomwe si za mabakiteriya. Nkhanambo zokhuthala m'mbali mwa milomo ya ana a mbuzi, nthawi zina n'kufalikira kubere la mayi wawo, ndi orf. Ameneyu ndi vayirasi, amatha yekha pakapita masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, ndipo amagwira zala za munthu. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti anawo akuyamwa, ndi kupaka jivi kuti zilonda zisalowe mafinya. Khungu likamasupuka pokhapokha pomwe pali ubweya woyera, makutu atatupa, maso achita chikasu, funsani ngati sinadye Lantana, chitsamba cha maluwa amitundumitundu chodzaza m'mphepete mwa misewu chija. Koma ziweto zingapo zikadwala nthawi imodzi, thupi kutentha, mamina ndi manthongo, zilonda m'kamwa, kutsegula m'mimba kapena matuza m'mapazi, musayesenso kudzichiritsira. Kauzeni alangizi tsiku lomwelo, ndipo pasatuluke chiweto kupita kumsika. Kumpoto kuno ziweto zimayenda kwambiri kudutsa m'malire, matenda oterowo sachedwa kufala.

Maso ndi manja amakufikitsani pafupi, koma chotsimikiza chenicheni chili ku labotale. Musanapake kapena kubaya chilichonse, zulani nkhanambo zatsopano zingapo pamodzi ndi ubweya wake, makamaka za m'mphepete mwa chilonda. Ikani mu envulopu kapena pepala loyera louma. M'jumbo zimachita thukuta n'kumera nkhungu. Lembani tsiku, mtundu wa chiweto ndi malo a pathupi pomwe mwazula, mukapereke kwa alangizi a m'dera lanu kapena ku ofesi ya za ziweto ya Mzuzu ADD, nthambi ya boma yoona za ulimi. Akatswiri amanyowetsa nkhanamboyo, kuipaka pagalasi, kuthira utoto wa Giemsa, ndipo pa maikulosikopu Dermatophilus amaoneka timadontho tondandana m'mizere yoyendera limodzi, moti savuta kumuzindikira. Mphere amaipeza popala khungu mpaka litachita timagazi. Mafinya amawakoka ndi singano pa chotupa chosaphulika, ndipo zofuna kumeretsa bakiteriya zimatha kutumizidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe.

Zikadziwika kuti ndi dermatophilosis, alangizi kawirikawiri amabaya oxytetracycline wokhalitsa m'thupi, mamiligalamu 20 pa kilogalamu iliyonse ya chiweto. Choncho kulemera kwake kudziwike, osangoyerekeza ndi maso. Werengani pabotolo masiku oyenera kudikira musanadye nyama kapena kumwa mkaka wake. Denga lothonya lifoleredwe, nkhanambo zogwa ziwotchedwe, ziweto zithiridwe dibi. Khola la m'mwamba, lomwe ndowe ndi mkodzo zimagwera pansi, limachepetsa kwambiri za m'ziboda zija.

Pogula mbuzi, kaya kumsika kaya kwa mnansi, isisiteni pamsana mobweza ubweya, mugwire malo a anabere onse aja, mununkhize mapazi. Chipsera pansi pa khutu kapena kutsogolo kwa phewa chimasonyeza kuti chotupa chidaphulikapo, ndiye imeneyo isiyeni ngakhale mtengo utakoma. Imene mwagula igone payokha masabata atatu kapena anayi isanasakanikirane ndi zinzake.