Hepatitis C Yosamva Mankhwala: Ndani Ayenera Kuyezedwa?

Ambirife tinazolowera kumva za TB yosamva mankhwala. Kachilombo ka hepatitis C, kamene kamawononga chiwindi mwakachetechete kwa zaka zambiri, nakonso kamatha kutero. Kakamaswana m'thupi sikabereka ana ofanana ndendende, ndipo ena mwa anawo amabadwa atasintha malo amene mankhwala amagwira.

Koma musathamangire kulabotale. Mapiritsi amakono, monga sofosbuvir ophatikiza ndi daclatasvir kapena velpatasvir, amachiza anthu oposa 95 pa 100 alionse, kawirikawiri m'masabata 12. Kuyambira 2018, bungwe la WHO limalangiza mankhwala ogwira mitundu yonse ya kachilomboka (kali ndi mitundu ingapo imene imatchulidwa ndi manambala), choncho munthu amene akuyamba kumene chithandizo safunika kuyezedwa ngati kachilombo kake kamamva mankhwala. Kuyezaku n'kodula, kumafuna makina owerenga chibadwa cha kachilombo, ndipo kumchedwetsa wodwala podikira zotsatira n'kumulakwira.

Pamene kuyeza kumathandizadi ndi pochepa. Chitsanzo chodziwika ndi munthu wa kachilombo ka mtundu wachitatu amene chiwindi chake chalimba kale ndi zipsera. Akapezeka ndi kusintha kotchedwa Y93H, sofosbuvir ndi velpatasvir paokha angalephere, ndipo dokotala amawonjezera ribavirin kapena kusankha mankhwala ena. Apa amayi samalani: ribavirin amawononga mwana m'mimba, ndiye mayi woyembekezera, ngakhale bambo amene mkazi wake ali ndi pakati, sayenera kumwa. Kwina ndi kwa wodwala wa mtundu wa 1a amene akufuna kumupatsa elbasvir ndi grazoprevir.

Nanga amene anamwa mankhwala koma osachira? Choyamba titsimikize. Magazi ayezedwe viral load, kutanthauza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, patatha masabata 12 chimalizireni mankhwala. Kachilombo kakapanda kuoneka, munthuyo wachira. Kakaoneka, khalani naye pansi musanaweruze kachilomboko. Kodi ankadumphitsa masiku? Ankamwanso chiyani? Funso limeneli ndimalikakamira chifukwa kwathu kuno anthu ambiri ali pa mankhwala ena. Rifampicin wa TB amafooketsa mapiritsi a hepatitis C kotheratu, chimodzimodzinso carbamazepine ndi phenytoin a khunyu. Pa ma ARV a HIV, efavirenz sagwirizana ndi velpatasvir, pomwe dolutegravir alibe vuto. Ngakhale omeprazole wa zilonda zam'mimba, amene anthu amangogula okha, amachepetsa velpatasvir wolowa m'magazi. Palinso amene anachira bwinobwino n'kutenganso kachilombo kudzera m'masingano kapena malezala obwerekana, poti matendawa alibe katemera ndipo kuchira sikuteteza munthu.

Chithandizo chikalepheradi, musamubwezere wodwala mapiritsi omwewo. Kachilombo kamene kasiya kumva daclatasvir, ledipasvir kapena velpatasvir kamakhala choncho kwa zaka, ndiye kudikira kuti kafewe n'kutaya nthawi. Mtumizeni kwa dokotala wa za chiwindi. Nthawi zambiri amapereka sofosbuvir, velpatasvir ndi voxilaprevir pamodzi kwa masabata 12, ndipo ngati labotale ilipo, zotsatira zake zimamuthandiza kusankha bwino.

Mu Africa muno mulinso timitundu ta kachilomboka tosamva mankhwala ena mwachibadwa. Ku Rwanda kunapezeka kuti odwala a mtundu wa 4r ankachira ochepa pa sofosbuvir ndi ledipasvir poyerekeza ndi anzawo. Wodwala amene anamwa mokhulupirika koma osachira tisamukalipire. Mwina vuto ndi mtundu wa kachilombo kake.

Ndipo musanayambitse aliyense mankhwalawa, muyezeni hepatitis B, chifukwa imatha kudzuka pamene C ikuchizidwa.