Musanagumule nyumba yakale, iunikeni pamodzi

Nyumba ikakalamba, ambiri amathamangira kunena kuti igwetsedwe pamangidwe ina. Dekhani kaye. Maziko, mizati ndi makoma onyamula denga zimadya ndalama zambiri pomanga, ndipo kawirikawiri zimakhala zikadali zolimba pamene utoto, mazenera ndi mawaya zatha ntchito. Komanso kupanga simenti kokha kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa carbon dioxide, wotenthetsa dziko, umene anthu amauthira mumlengalenga. Khoma lililonse limene mwalisiya chilili lakupulumutsirani matumba a simenti.

Ntchito iyambe ndi kuyendera nyumbayo, ndipo katswiri asayende yekha. Pakhale injiniya, wojambula mapulani, amisiri, ndi anthu amene amagona kapena kugwira ntchito mmenemo. Wosesa ndiye amadziwa pamene pamadontha ndi chipinda chimene sichiuma chinyontho, zinthu zimene mlendo wa tsiku limodzi sangazione. Anthuwa afunsidwe pulani isanajambulidwe. Kuwaitana zonse zitatha kale n'kuwanamiza kuti afunsidwa.

Ming'alu isakuopseni yonse. Ya pulasitala yokha imamatidwa. Koma mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, umene ukukulirakulira, ungatanthauze kuti maziko akutitimira. Konkire ikamagamphuka n'kuonetsa zitsulo zadzimbiri, ndiye kuti madzi alowa mkati. Zimenezi aweruze ndi injiniya. Mukapeza denga kapena siling'i ya asibesitosi (zomangira za ulusi wa miyala wosapsa ndi moto), musaiswe kapena kuicheka, chifukwa fumbi lake limayambitsa khansa.

Onani zimene zinachitika ku Grand Parc mumzinda wa Bordeaux ku France. Nyumba zitatu zosanjikizana za m'ma 1960, zokhala ndi mafulati 530, sanazigwetse. Akatswiri ojambula mapulani a nyumba Anne Lacaton ndi Jean-Philippe Vassal, pamodzi ndi Frédéric Druot ndi Christophe Hutin, anamanga mizati yoima payokha kutsogolo kwa nyumbazo, n'kuwonjezera chipinda chamagalasi ndi khonde pa mafulatiwo, mamita 3.8 kutuluka panja. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti mabanja sanasamutsidwe ntchito ili mkati, ndipo lendi sinakwere. Lacaton ndi Vassal analandira mphoto ya Pritzker, yopatsidwa kwa akatswiri ojambula mapulani a nyumba, mu 2021. Ku Cape Town nako, nkhokwe yakale yosungira chimanga padoko inasanduka nyumba yoonetsera zaluso ya Zeitz MOCAA mu 2017.

Tsono pokonza kapena pomanga yatsopano, ganizirani amene adzaisinthe zaka zikubwerazi. Kulemera kwa denga kukhale pa mizati ndi makoma akunja, kuti makoma ogawa zipinda adzachotsedwe popanda ngozi, ofesi n'kukhala kalasi kapena pogona. Matabwa ndi zitsulo muzilumikize ndi mabawuti m'malo mwa guluu kapena kuwotcherera, kuti zidzamasulidwe zathunthu. Njerwa zomangidwa ndi laimu zimapalidwa n'kugwiranso ntchito, pamene zomangidwa ndi simenti yolimba zambiri zimasweka pozichotsa. Mapaipi ndi mawaya musazikwirire mu konkire, zidutse poti mmisiri angafikepo.

Ngati mbali ina iyenera kugwa ndithu, iphwasuleni mosamala kuyambira kudenga, mutachotsa kaye zitseko, mafelemu ndi mitanda, n'kuzisanja pouma. Pomaliza jambulani pulani ya mmene nyumba yakhalira, yosonyeza makoma onyamula katundu ndi modutsa mapaipi, ndipo mwininyumba ndi woisamalira aliyense asunge yake.