Mmene mungayendere malo a mbiri ku Mangochi

Yambani m'mawa, dzuwa la kuno lisanapse. Mukatsika basi, uzani wa kabaza akusiyeni pa chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Tauniyi kale inkatchedwa Fort Johnston, potengera linga lomwe Angelezi anamanga mu 1891 kuti aletse malonda a akapolo odutsa pa Shire.

Pa chipilalapo musathamange. Pali mfuti ya m'sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann tsidya la nyanja, ku Tanzania ya lero. Palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya, yomwe inamira mu 1946 n'kupha anthu 145. Ine ndimapempha aliyense kuti aime kaye n'kuwerenga, poti mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja anataya abale tsiku limenelo.

Kenako yendani wapansi kupita ku Lake Malawi Museum, sipatali. Tengani ndalama zochepa za pakhomo, ndipo wokuperekezaniyo mufunseni za Ayao ndi za usodzi.

Masana idyani nsima ya chambo.

Ngati miyendo ili bwino, tsiku lachiwiri lowerani msewu wa ku Namwera mukakwere phiri la Mangochi, komwe Mfumu Jalasi inalimbana ndi Angelezi mu 1895. Makoma a linga lomwe Angelezi anamanga paphiripo akadalipo. Musapite nokha, pezani munthu wa m'mudzi wodziwa njira, mupereke moni kwa amfumu, ndipo munyamule madzi okwanira.