Momwe mungayezetsere mafupa a mwana pa makina a DXA

Mwana wanga wamkazi anamwa prednisolone kwa nthawi yaitali chifukwa cha matenda a impso. Mankhwalawa amafooketsa mafupa, choncho adokotala anatitumiza kukajambulitsa pa DXA, makina oyeza kulimba kwa mafupa. X-ray wamba imaonetsa pothyoka, koma kulimba kwa fupa siyeza bwino.

Yambani ndi kalata ya adokotala. Kenako imbani foni komwe kuli makinawo, chifukwa sapezeka paliponse ndipo mitengo imasiyana. Anyamata oyendayenda ndi laputopu aja, amene amakugwiritsani kachitsulo m'manja n'kumati "kashiamu watha" kuti mugule mabotolo awo, asakupusitseni. Imeneyo si DXA.

Tsopano pamene ndinagwa ine. Musanalipire, funsani kuti: makinawa ali ndi pulogalamu ya ana? Ine sindinafunse. Anamujambula m'chiuno ngati munthu wamkulu, pepala n'kutuluka ndi T-score yoopsa, moti usiku umenewo sindinaone tulo. Kupita nalo kwa adokotala, anangopukusa mutu. T-score imayerekeza mafupa ndi a munthu wamkulu amene anamaliza kukula, ndiye mwana wa zaka 11 angafike pamenepo bwanji? Ya ana ndi Z-score, yomwe imamuyerekeza ndi anzake azaka ngati zake, mtsikana ndi atsikana anzake. Ikakhala -2.0 kapena kutsika kuposa apo, ndiye kuti mafupa ndi ochepa mphamvu pa zaka zakezo. Malo ojambula nawonso ndi ena: msana wam'munsi, ndi thupi lonse kupatula mutu, poti chigaza n'cholimba kwambiri, chimasokoneza chiwerengero. Onetsetsaninso kuti amuyeza kutalika, chifukwa mwana wamfupi makinawa amamuonetsa ngati wofooka mafupa kuposa mmene alili. Wangayu ndi wamfupi ndithu. Ndalama zija zinangopita, tinalipiranso kachiwiri kwina.

Tsiku lojambula lilibe zambiri. Asamwe mapiritsi a kashiamu maola 24 asanapite, avale zovala zopanda zipi kapena mabatani achitsulo. Ngati anamwetsedwa barium (mankhwala amene amamwetsa munthu pojambula X-ray ya m'mimba) posachedwa, nenani. Atsikana otha msinkhu amafunsidwa za mimba, musakhumudwe nazo. Mwanayo agona chagada osagwedezeka kwa mphindi zochepa, palibe jakisoni, ndipo mphamvu ya cheza cha makinawa ndi yochepa kuposa ya X-ray ya pachifuwa.

Pepala lisungeni. Kubwereza n'pakatha miyezi 6 mpaka 12, ndipo mubwerere pa makina omwewo.